Pakhonde la Mphunzitsi: Masamu a Madzulo

Mwezi uno tafuna kuti tikambirane nkhani imene ambiri akhala akutifunsa potuluka m'tchalitchi ndi m'misonkhano ya m'miraga, ndiyo nkhani ya maphunziro a masamu olipira, amene ana athu amawatcha patitayimu. Kale mwambo umenewu tinkangoumva kuti uli m'tauni, kwa ana a anthu apantchito. Lero wafika kwathu kuno kugombe la Nyanja ya Chilwa. Munthu akayenda madzulo cha ku Jali, ku Govala kapena ku Kachulu, sasowa khonde kapena mthunzi wa mango pamene ana asanu kapena khumi akhala pansi, makope ali pamaondo, kutsogolo kwao kuli kabolodi kotsamira pamtengo. Ndalama zimene zikulipiridwa pamenepo ndi za matemba, za mpunga ndi za ganyu, ndalama zopezeka ndi thukuta. Nchifukwa chake funso la makolo liri loyenera kuliyankha mosabisa: kodi ana athu akupinduladi?

Yankho lathu ndi lakuti ena akupindula kwabasi, ena akungotaya nthawi ndi ndalama. Chimene chimasiyanitsa magulu awiriwa ndi chinthu chimodzi: ngati wophunzitsayo wayamba wafufuza malo pamene mwana anasokerera, ndi kubwerera naye pomwepo. Tiyeni tione bwino tanthauzo lake.

Chifukwa chake ana amatsalira

M'chaka cha 1994 boma linathetsa malipiro a sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana a sukulu chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Chinali chinthu chabwino, pakuti ana a amphawi analowa pakhomo limene linali lotsekeka. Koma aphunzitsi ndi zipinda sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Cholinga cha boma ndi chakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, komabe m'makalasi oyambirira a sukulu zambiri zakumidzi ana amapitirira 100. Mphunzitsi wotere, ngakhale akhale wakhama chotani, sangathe kuona kope la mwana aliyense m'phunziro la theka la ola. Pa kafukufuku wa SACMEQ wa m'chaka cha 2007, amene anayesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, dziko lathu linapezeka pakati pa maiko otsiriza pa masamu.

Kwathu kuno kuli zifukwa zina zoonjezera. Matemba akachuluka, anyamata ena amatsata akuluakulu kunyanja, nakagona m'zimbowera masiku angapo. Mpunga ukayamba kucha, ana ndiwo amatumidwa kukainga mbalame. Mvula ikagwa yambiri, Likangala ndi Domasi amasefukira, ndipo njira za kusukulu zimaduka. Malungo nawo sasiya mwana. Pamene nyanja inaphwa m'chaka cha 1995, ndi pamene inaphweranso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018, mabanja ambiri anasowa pogwira, ena anasamuka ndi ana ao. M'mwezi wa March 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo ana anakhala pakhomo miyezi yambiri. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anatsekanso sukulu za m'Chigawo cha Kum'mwera, zina zinasanduka misasa ya anthu amene nyumba zao zinagwa.

Tsono masamu ali ndi khalidwe lake losiyana ndi maphunziro ena. Mwana akajomba tsiku limene anzake aphunzira za mitsinje, mawa lake angathe kumva bwinobwino za mapiri. Masamu satero. Ali ngati khoma la njerwa, limene mzere uliwonse umakhala pa unzake. Wosadziwa kuphatikiza sangachulukitse, wosadziwa kuchulukitsa sangagawe, ndipo wosadziwa kugawa akafika pa mafulakishoni ndi mapelesenti amangoona mdima. Njerwa imene inasowa mu Sitandade 3 imadzagwetsa khoma mu Sitandade 7. Pamwamba pa zimenezi, mwana akafika mu Sitandade 5 mabuku ndi mafunso zimakhala m'Chingerezi, pamene kunyumba amalankhula Chinyanja, Chiyao kapena Chilomwe. Ana ambiri amalephera samu imene akanaikhoza, chifukwa chakuti sanamve chimene funso likufuna.

Komatu tisaganize kuti ana athu ndi mbuli za masamu. Taonani mtsikana wa zaka khumi akugulitsa matemba padoko la Kachulu. Amawerengera milu, amabweza chenje mosalakwa, ndipo simungamubere ngakhale K50. Mwana yemweyo m'kalasi amatchedwa wofooka. Nzeru ziripo ndithu. Chimene chasowa ndi munthu woti alumikize masamu a pamsika aja ndi masamu a m'kope.

Aphunzitsi a mitundu iwiri

Apa ndi pamene maphunziro a madzulo angathe kuchita zimene kalasi ya ana 100 singathe. Tiyerekeze kuti mwana wa Sitandade 6 wapatsidwa samu iyi: 402 kuchotsera 178. Iye walemba 376. Wophunzitsa wa mtundu woyamba amangolemba mtanda, nalemba yankho loona, 224, ndi kupitirira. Mwanayo amakopera yankho, kope limaoneka laukhondo, koma mawa adzalakwa chimodzimodzi. Wophunzitsa wa mtundu wachiwiri amaima, nadzifunsa kuti 376 wachokera kuti. Akayang'anitsitsa amaona kuti mwanayo pa mzere uliwonse akungochotsa nambala yaing'ono ku yaikulu: 2 ku 8, 0 ku 7, 1 ku 4. Ndiye kuti sanamvetse kubwereka, ndiponso sanamvetse kuti 4 uja akuimira mazana anayi. Wophunzitsa wanzeru amatseka buku la Sitandade 6, natenga ndalama kapena mitolo ya timitengo, nati: "Uli ndi K402, wagula sopo wa K178, utsala ndi zingati? Kodi ungatsale ndi K376?" Mwana wa pamsika uja amaseka yekha, chifukwa akudziwa kuti sizingatheke. Kuseka kumeneko ndiko kuyamba kwa kumvetsa.

Chitsanzo china ndi cha mafulakishoni. Ana ambiri akafunsidwa kuphatikiza 1/2 ndi 1/3 amalemba 2/5, chifukwa aphatikiza manambala apamwamba paokha, apansinso paokha. Kuwauza lamulo kokha sikukhalitsa m'mutu. Koma tengani nzimbe ya mfundo zisanu ndi imodzi. Theka lake ndi mfundo zitatu. Gawo limodzi mwa magawo atatu ndi mfundo ziwiri. Zonse pamodzi ndi mfundo zisanu mwa zisanu ndi imodzi zija, ndiye 5/6. Mwana amene wagwira nzimbe imeneyo m'manja saiwala msanga, ndipo amazindikiranso kuti 2/5 ndi wochepa kuposa theka limene anayamba nalo, kotero sangakhale yankho.

Ntchito yotere imafuna kudekha, ndipo poyamba imaoneka ngati kubwerera m'mbuyo. Makolo ena amakwiya akaona mwana wa Sitandade 7 akuchita masamu a Sitandade 4, nati ndalama zao zikupita pachabe. Abale, musakwiye. Mmisiri akapeza mng'alu pakhoma amakumba mpaka pamaziko. Ana amene taona akusinthadi ndi amene anapeza munthu wolola kubwerera nawo. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mumaona mwana amene ankabisala kumbuyo akukweza dzanja, akuyesa samu yatsopano mosaopa, ndipo akalakwa akufunafuna yekha pamene walakwira. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Zopinga zimene tiyenera kuzidziwa

Chopinga choyamba ndi kuloweza. Mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB ndiwo amatsegula kapena kutseka khomo la sekondale, ndipo malo m'sukulu zogonera ndi ochepa. Pa chifukwa chimenechi ophunzitsa ena sachita china koma kubwereza mapepala a mayeso akale, kufikira ana ataloweza mayankho ngati nyimbo. Mapepala akale ali ndi ntchito yake pamene mayeso ayandikira, kuti mwana azolowere kafunsidwe ndi kusunga nthawi. Koma mwana amene waloweza osamvetsa, funso likangosinthidwa pang'ono amaima njii. Ngakhale atadutsa mwamwayi, akafika mu Fomu 1 ndi kukumana ndi masamu a malembo, a x ndi y, mng'alu uja umaonekeranso poyera.

Chachiwiri ndi kudukizaduka. Ndalama za kunyanja ziri ndi nyengo zake. M'miyezi ya dzinja, pamene usodzi wa makoka watsekedwa ndipo m'nkhokwe mwatha, malipiro amasowa, mwana amasiya. Akabwerera pokolola mpunga anzake apita patali, ndipo mpata watsopano waonjezeka pa wakale uja. Nkwabwino kupangana ndi wophunzitsa masiku awiri pa sabata chaka chonse, kusiyana ndi masiku asanu mwezi umodzi wokha mayeso atayandikira.

Chachitatu ndi kutopa ndi njala. Mwana amene wachoka m'mawa osadya kanthu, wayenda mtunda wautali, waweruka masana, watunga madzi ndi kutola nkhuni, sangamve masamu maola awiri ena. Ola limodzi la mwana wokhuta limaposa maola atatu a mwana wanjala.

Chachinayi ndi luso la wophunzitsayo. Ambiri mwa iwo ndi achinyamata athu amene anamaliza Fomu 4 ndipo sanapeze ntchito. Tikuwayamika, pakuti asankha ntchito yaulemu m'malo mongokhala pamsika. Koma kukhoza masamu ndi kuphunzitsa masamu ndi zinthu ziwiri. Wina amaphunzitsa njira yachidule yosiyana ndi ya m'kalasi, ndipo mwana amasokonezeka pakati pa aphunzitsi awiri. Wina amakhulupirira chikwapu, osadziwa kuti mwana wamantha amabisa pamene sakumva, pomwe ntchito yonse ya madzulo ndi kupeza malo amenewo. Wophunzitsa wabwino amapita kwa mphunzitsi wa kalasi kukafunsa mutu umene ana ali nawo ndi njira imene akutsata.

Chachisanu tichinena ndi mtima wolemera, pakuti chikukhudza ife a choko. Zimamveka kuti mphunzitsi wina amaphunzitsa mwachisawawa m'mawa, nasungira mfundo zenizeni ana olipira madzulo, kapenanso kuwapatsiratu mafunso a mayeso a pa teremu. Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukuchenjeza za mchitidwe wolipiritsa ana m'sukulu za boma. Koma kwa Mkhristu lamulo la boma ndi lachiwiri. Buku la Miyambo pa mutu 11 limatsutsa muyeso wonyenga, ndipo mphunzitsi amene alandira malipiro a boma chifukwa cha phunziro lathunthu, napereka theka, ali chimodzimodzi ndi wogula mpunga amene wapotoza sikelo. Aphunzitsi ambiri ndi okhulupirika, ndipo ena amatsalira ndi ana awo madzulo osalandira kanthu. Amenewa tiwalemekeze, ndipo ochepa enawo tiwadzudzule mwachikondi kudzera kwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu.

Chachisanu ndi chimodzi ndi chitetezo cha ana, makamaka asungwana. Maphunziro achitike poyera, pagulu, dzuwa lisanalowe. Mwana wamkazi asapite yekha m'nyumba ya wophunzitsa, ngakhale wophunzitsayo akhale wodziwika chotani. Ndipo tsiku la Mulungu likhale la Mulungu. Mwana asasowe ku Sande sukulu kapena ku kalasi ya chikhulupiriro chifukwa cha masamu.

Mmene kholo lingayesere

Mwina wina anena kuti: "Ine sindinapite patali ndi sukulu, ndingadziwe bwanji ngati mwana akupita patsogolo?" Mungadziwe ndithu, ndipo simusowa Chingerezi. Musakhutire ndi machongi ofiira m'kope, chifukwa chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Chitani zinthu zitatu izi.

Poyamba, musanalipire, funsani wophunzitsayo kuti: "Mwana wangayu akuvutika pati?" Akayankha kuti akuvutika masamu onse, kapena kuti ndi waulesi chabe, dziwani kuti sanamuyang'ane. Woyenera ndalama zanu adzatchula malo enieni, monga kubwereka, matebulo a kuchulukitsa kapena kumva funso la m'Chingerezi, ndipo pakatha mwezi adzakuuzani chimene chasintha.

Kachiwiri, pemphani mwana kuti akufotokozereni samu imodzi m'chinenero cha pakhomo. Womvetsa amatha kufotokozera agogo ake. Woloweza amangobwereza mau a m'buku.

Kachitatu, mpatseni masamu a moyo wanu. Nenani kuti: "Ndagula dengu la matemba pa K36,000, ndalipira K4,000 yonyamulira kupita ku Zomba, ndagulitsa K50,000. Phindu langa ndi zingati? Nanga pa K100 iriyonse imene ndinalowetsa ndapindula zingati?" Mwana wa Sitandade 7 kapena 8 ayenera kupeza K10,000, ndiponso K25 pa K100 iriyonse. Kapena nenani kuti: "Wakatapila wandikongoza K20,000 kuti ndikabweze K30,000 pakutha pa mwezi. Chiwongoladzanja chake ndi mapelesenti angati?" Mwana akapeza 50, ndiye kuti waphunzira kanthu kamene kadzateteza banja lonse. Pajatu masamu sitiphunzirira mayeso okha. Mlimi amene sadziwa kuwerengera matumba, feteleza ndi ngongole amalimira ena. Ambuye mwini, pa Luka mutu 14, anapereka chitsanzo cha munthu amene amayamba wawerengera mtengo wake asanamange nsanja.

Nanga amene alibe cholipira?

Funso limeneli lisatidutse. Ngati maphunziro olipira ndiwo asanduka njira yokha yokhozera masamu, ndiye kuti khomo limene linatsegulidwa mu 1994 tikulitsekanso ndi manja athu. Mwana wa mwini khoka adzapita ku sekondale, mwana wa wokoka khoka adzatsala pagombe, ngakhale wachiwiriyo akhale wanzeru zoposa. Mwana wamasiye amene akuleredwa ndi agogo adzatsala. Mwana wamkazi adzatsalanso, popeza ndalama zikachepa mabanja ambiri amayamba kuganizira wamwamuna. Pambuyo pake tidzadabwa kuti anamwino, alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi a kuno onse ndi ochokera kutali, pamene maphunziro a ntchito zimenezo amafuna munthu amene anakhoza bwino masamu pa mayeso a MSCE.

Mpingo wathu sunayambe wasiyanitsa guwa ndi bolodi. Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa mu 1876, ndi ya Domasi mu 1884, sukulu inkayenda pamodzi ndi Uthenga Wabwino, ndipo makolo athu anaphunzira kuwerenga ndi kuwerengera m'nyumba zomwezo zimene ankapemphereramo. Lero nyumba zathu za mapemphero zimakhala zotseka masiku ambiri a m'kati mwa sabata, mabenchi ali chikhalire. M'mipingo mwathu muli aphunzitsi opuma ntchito, muli achinyamata a Fomu 3 ndi 4, muli ena a ku koleji amene amabwera patchuthi. Tikupempha maseshoni kuti aganizire zotsegula nyumba zimenezi madzulo awiri pa sabata, kuti mwana aliyense wa m'mudzi, wa mpingo uliwonse kapena wa chipembedzo china, abwere kudzathandizidwa kwaulere. Ana agawidwe molingana ndi pamene akuvutikira, osati molingana ndi kalasi, ndipo gulu lisapitirire ana khumi. Amayi a Mvano awiri akhalepo mosinthana kuti aziyang'anira, ndipo kumene kungatheke paphikidwe kaphala. Choko ndi kabolodi sizingagonjetse mpingo umene umatha kumanga tchalitchi cha malata. Ntchitoyi ichitike mogwirizana ndi aphunzitsi aakulu a sukulu zoyandikana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Izi sizikulanda ntchito achinyamata amene amaphunzitsa molipiritsa. Amene akugwira ntchito yake mokhulupirika alandire malipiro ake pa nthawi yake, ndipo makolo asamuzembe mwezi ukatha. Tikungowapempha kuti pa ana khumi olipira alandirepo mmodzi wosalipira. Chimenecho chikhale chopereka chao kwa Mulungu.

Mau kwa achinyamata

Tsono inu ana athu, tamverani. Palibe wophunzitsa amene angakuloŵereni m'mutu. Kukhala pansi pa mango ndi kuonerera wina akuchita samu kuli ngati kuonerera wina akupalasa bwato: mungaonerere chaka chonse, koma tsiku limene mudzagwira nkhafi mudzazungulira pamalo amodzi. Chitani masamu asanu okha tsiku lirilonse ndi dzanja lanu. Matebulo a kuchulukitsa muwadziwe monga mudziwira maina a abale anu. Pamene simunamve, nenani poyera kuti simunamve, pakuti safunsa anadya phula. Musachite manyazi kubwerera ku buku la kalasi yam'mbuyo. Ndipo chimene mwamvetsa lero, kachiphunzitseni kwa mng'ono wanu kapena mnzanu amene alibe cholipira, chifukwa pofotokozera wina ndi pamene samu imakhazikika mwa inu eni. Kumbukirani kuti makolo anu akupereka ndalama imene akanagulira ndiwo. Kujomba ku maphunziro amene alipiridwa, kapena kudyera ndalamazo panjira, ndi kuba m'nyumba mwanu momwe.

Makolo anzathu, musadikire Sitandade 8 kuti muyambe kuda nkhawa. M'mera mpoyamba. Sabata ino itanani mwana wanu wa Sitandade 3 kapena 4, mumpatse samu ya 402 kuchotsera 178, muone chimene alembe. Akalakwa musamukalipire. Mwapeza pamene pali mng'alu, ndipo nthawi yokonza ikadalipo.

Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za kuwerenga Chingerezi, kumene taona kuti ndi mnzake wa masamu. Amene muli ndi mafunso kapena amene mwayamba kale ntchito yotere mu mpingo mwanu, tilembereni kudzera kwa Mkonzi kuti ena aphunzireko. Ambuye adalitse mabanja anu ndi ana anu onse.